Ndinasayina kuti sindikuwadziwa

Ndinanama pa pepala limodzi lokha, koma bodza limenelo landisiya wopanda ntchito, wopandanso khomo logogoda. Inu owerenga, mvetserani kupusa kwanga, mwina wina n'kupulumukirapo.

Kwathu ndi ku Dedza. Nditatumizidwa ku Rumphi kukagwira ntchito mu ofesi ina yoona zogula katundu wa boma, kunalibe ondidziwa. Chitumbuka changa chinkathera pa "yewo". Anzanga akamaseka, ndinkaseka nawo osadziwa ngati akuseka ine. Loweruka lonse mnzanga anali wailesi.

Amene anandimvera chisoni anali bambo ena, mkulu wa mpingo kutchalitchi kumene ndinkapemphera, amenenso anali ndi kampani ya zomangamanga, ndi akazi awo. Tikaweruka ankanditengera kwawo, mpaka ndinayamba kuwatchula kuti Adada ndi Amama. Mwana wawo akukwatiwa, Amama anandipatsa nsalu ija amavala achibale okhaokha, ndipo pojambulitsa ndinaima nawo kutsogolo. Tsiku limenelo ndinalira ndi chimwemwe.

Kenaka boma linafuna kampani yoti imange shedi yamakono yowumitsiramo usipa ku Mlowe, iyendetse kwa zaka zingapo, pambuyo pake ibweze m'manja mwa boma. Lamulo limati ntchito yotere ilengezedwe poyera, makampani apikisane, ndipo aliyense wa m'komiti younika asayine fomu youlula ngati ali pachibale kapena paubwenzi ndi wopikisana aliyense. Woteroyo amatuluka m'komiti. Ine ndinali m'komitimo, ndipo dzina la kampani ya Adada ndinaliona bwinobwino pa envelopu.

Ndinasayina kuti sindikuwadziwa. Palibe anandituma, Adada sankadziwa n'komwe kuti ndili m'komiti. Ndinkangoopa kuti ndikatuluka iwo n'kugonja, tsiku lina adzamva kuti mwana wawo anawathawa, ine n'kubwerera ku wailesi ija.

Anapambana. Maziko atangokumbidwa, kampani ina yogonja inakadandaula, n'kupereka chithunzi cha ukwati chija. Ine ndili pakati, nsalu ili m'chiuno, mano onse pamtunda. Mgwirizano unathetsedwa, ndinachotsedwa ntchito, ndipo boma lonse la Rumphi linayamba kunena kuti mkulu wa mpingo anandilera dala kuti adzapeze tenda ya shedi ija. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ofufuza ataunikanso mapepala, anapeza kuti Adada akanapambanabe popanda mamalikisi anga.

Ndinapita kukapepesa. Adada sanakalipe. Anandilandirira pakhonde, pamene amalandirira ogulitsa tomato.

"Mwana wane," anatero, "mukanangonena zoona, bwenzi shedi ija itatha pano. Mwatipweteka chomene."

Amama sanatuluke, ngakhale ndinkawamva akutsuka mbale m'khitchini.

Lero amayi a ku Mlowe akuyanikabe usipa pa mathandala, ndipo mvula ikawadzidzimutsa umawola. Maziko aja amera tchire. Ine ndikadali kuno, chifukwa kwathu sindikudziwa kuti ndikayambira pati kufotokoza. Kutchalitchi ndimakhala benchi lakumbuyo, ndipo ndimatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Inu amene muli m'makomiti ounika makampani opikisana pa ntchito za boma, fomu ija si mdani wanu. Ngati munadyapo kunyumba kwa wopikisana, ululani, tulukani, ena aunike. Lamulo limene ndinkaliyesa londilekanitsa ndi okondedwa anga ndi limene likanawateteza kwa ine.

Nsalu ija ndikadali nayo m'sutikesi. Kuivala sindingathe, ndipo woti ndimubwezere sanditsegulira chitseko.