A Rozaria ndi Kompyuta ya Buluu

Anthu akamatama zinthu zatsopano, ine ndimangowayang'ana. Ndinagwira ntchito ya umesenjala zaka zambiri pa ofesi ya bungwe la alimi a nandolo pa Phalombe Boma, ndipo ndinaona ndi maso angawa chinthu chatsopano chikuchotsa ntchito munthu amene ankaidziwa kuposa tonsefe. Mpaka lero zimandiwawa, makamaka chifukwa pakamwa panga panathandizira.

Munthuyo anali mayi Rozaria Makina, a kwa Nazombe, otayipa makalata a pa ofesiyo. Anayamba mu 1988 pa taipi yachitsulo ija yolira kabelu mzere ukatha. Napolo atagumula phiri la Michesi mu 1991, ndi iwo anatayipa mayina a alimi athu onse amene minda yawo inakokoloka, masiku atatu, zala mpaka kutupa. Koma tisabise, anali munthu wovuta. Sankaseka zachibwana, ndipo ukaika kapu ya tiyi pafupi ndi mapepala awo ankakutukwana m'Chilomwe, mwakuti ngakhale wosamva chinenerocho ankadziwa kuti zafika mpaka kwa amalume ake.

Mu 1997 azungu othandiza bungwe lathu anatitumizira kompyuta. Inali yakale kale ikubwera, sikirini yake ya buluu, zilembo zoyera zikuluzikulu. Inalibe zithunzi, inalibe mausi. Chilichonse unkachita podina mabatani: awa kutsegula kalata, awa kusunga, awa kusindikiza. A Rozaria anaikana sabata imodzi, kenako anailoweza yonse ngati Atate Athu. Ankatha kutayipa akuyang'ana kunja, kwinaku akukalipira mayi wogulitsa zitumbuwa kuti achoke pawindo.

Cha mu 2003 maso awo anayamba kuchita ng'ala. Opaleshoni ankaiopa, chifukwa mnzawo wina wa ku mpingo anapita akuona pang'ono n'kubwerako osaoneratu. Kunyumba kunali adzukulu atatu, ana a mwana wawo wamkazi amene anamwalira, ndipo onsewo ankadya ndi kupita kusukulu chifukwa cha zala za agogo awo. Abwana akanadziwa za masowo, ntchito ikanatha tsiku lomwelo. Tsono tsiku lina anandiitana n'kutseka chitseko.

"A Amosi, zolemba za abwanazi zili ngati papalasa nkhuku. Muzindiwerengera, ine ndizitayipa."

Ndinazindikira msanga kuti vuto silinali nkhuku. Sindinafunse. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaima pambali pawo, n'kumawerenga Chingerezi changa cha Sitandade 8, iwo akukonza pomwe ndapunthwa. Zilembo zoyera pa buluu paja ankaziona mwa chimbuuzi, zokwanira kudziwa kuti mzere wathera pati. Zina zonse zinkachita ndi zala. Zaka zinayi tinagwira choncho, popanda kalata ngakhale imodzi yobwezedwa.

Ndiye mu 2007 kunabwera abwana atsopano, a Wyson, munthu wokonda kunena kuti tikuyenera kuyenda ndi nthawi. Mwezi usanathe anaitanitsa kompyuta yatsopano ndi mnyamata wamkulu ndithu wa ku Blantyre, dzina lake Gracious, wa tayi ndi nsapato zosongoka, woti adzailumikize. Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka uyu kanali kakuthwadi, koma sanayang'ane kuti akumeta ndani.

Anazula kompyuta yakale asanapereke ndi moni womwe. Itayaka yatsopanoyo, sikirini inali mbee, timabokosi ndi tizithunzi ting'onoting'ono mbali zonse, ndi kamuvi kochepa ngati njere ya mpunga kamene unkayenera kukayendetsa ndi mausi.

"Pulogalamu yanga ija ili pati?" anafunsa a Rozaria.

"Ya buluu ija? Mayi, imeneyo inachotsedwa kalekale. Sisitimu yatsopanoyi siilandira."

"Anaichotsa ndani?"

"Opanga ake. Palibenso amene amaigwiritsa ntchito."

"Ine ndine ndani? Ndine chitsa?"

Gracious anaseka, kuganiza kuti mayiwo akucheza. A Rozaria anatulutsa chitini cha mabisiketi chimene ankasungamo madisiketi, makalata a zaka khumi, n'kufunsa kuti alowetse pati. Gracious anati makina a masiku ano alibe pakamwa pa madisiketi, akawasamutsira ku Blantyre akadzapeza mpata. Chitinicho chinakhala pashelefu mpaka madisiketi anachita nkhungu. Kompyuta yakale anandiuza ndikaike ku chipinda chosungira matumba, ndipo ndinainyamula ngati ndanyamula maliro.

Nkhani inamveka pa Boma. Tsiku lachiwiri kunatulukira a Dyson, mphunzitsi wa ku sekondale, mlamu wa abwana, atanyamula chimbale m'thumba la malaya. Ankati m'menemo muli sisitimu ina, yaulere, yopangidwa ndi anthu amtima wabwino a m'mayiko osiyanasiyana, yosagwidwa mavairasi, yosakakamiza munthu kutaya makina ake akale. Gracious anati zaulerezo n'za anthu osowa chochita, purintala yathu singazimve, ndipo zikadzawonongeka wokonza adzachokera kuti, kumudzi kwa Mkhumba? A Dyson anati yogula ija imakusandutsa kapolo, chaka chilichonse imakulanda china n'kukuuza kuti yakuthandiza. Gracious anati yaulereyo ndi njinga yopanda mabuleki. Anakangana kuyambira teni koloko mpaka nthawi ya nkhomaliro, abwana ali pakati akugwedeza mutu kwa onse awiri ngati akumva. Wogwiritsa ntchito makinawo anali atakhala pomwepo, manja pachifuwa, ndipo panalibe amene anamufunsa kanthu.

Pomaliza a Rozaria anagogoda tebulo.

"Aphunzitsi, yanuyo, ndikafuna kusindikiza kalata ndidina mabatani ati?"

"N'zosavuta mayi. Mugwira mausi, muloza pamwamba apa…"

"Basi, khalani pansi. Inu a Blantyre, yanuyi?"

"Chimodzimodzi, muloza kachithunzi ka purintala."

"Ndiye mwakanganira chiyani m'mawa wonse? Nonse ndinu amodzi. Yanga ija inkamva. Ukaiuza, inkachita. Zanuzi mukufuna ndizithamangitsa kamuvi ngati ndikugwira nkhuku ya alendo. Munthu amachotsa chitseko chimene chikutseka bwinobwino chifukwa choti kwabwera utoto watsopano?"

Abwana anati mayi asakhale ouma mutu, aphunzira. Anthu onse pa ofesi anati ndi nkhanza zawo zija za masiku onse. Ndinali ine ndekha wodziwa kuti pa kuyera mbee paja mayiwo sankaona kalikonse, kamuvi ngakhale zilembo. Ndinawaona akusisita mausi patebulo, nkhope pafupi ndi sikirini, misozi ikutuluka chifukwa cha kuwala, akunamizira chimfine.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Madzulo ake Gracious akupita kukakwera minibasi, ndinamutsatira mpaka pasiteji. Ndinamukokera pambali n'kumupempha mwaulemu, ine bambo wa imvi, kuti ngati n'kotheka akulitse kamuvi kaja ndi zilembo, chifukwa mayi aja maso akuwavuta pang'ono, koma asauze munthu.

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyo? Bwanji osanena? Musadandaule madala, ndiona," anatero, uku akudina foni yake.

Anaonadi. Minibasi isanapite n'komwe patali anali atawaimbira kale abwana, kuwauza kuti makina alibe vuto, vuto ndi wotayipa, sakuona. Anangofuna kudziyeretsa kuti asadzanenedwe kuti anabweretsa chinthu chosagwira. Patapita zaka, mwana wa mchemwali wanga amene anaphunzira zamakompyuta anandionetsa kuti kukulitsa zilembo n'kudetsa sikirini ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndiponso kuti mabatani osindikizira analipo ndithu, pa yogula ngakhale pa yaulere. Opanga ake anangowasintha malo. Akatswiri awiri aja anakangana maola atatu, koma onse sankadziwa zimenezi, kapena sanaone chifukwa choziganizira. Tsiku limenelo ndinakana chakudya chifukwa cha mkwiyo.

M'mawa wotsatira foni ya Gracious ija, abwana analowa ndi pepala, anaima pakhomo n'kulikweza m'mwamba.

"Mayi Makina, tawerengani mutu wa kalatayi."

"Bweretsani pafupi."

"Werengerani pomwepo."

A Rozaria sanayang'ane abwana. Anatembenuzira nkhope kumene ndinaima ine, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Komiti inakumana Lachitatu n'kugwirizana kuti mayiwo apume pa ntchito chifukwa cha matenda. Kalata yake inkayenera kupita kwa azungu pofika Lachisanu, yotayipa bwino, makope atatu. Abwana anakhala pa kompyuta yatsopano ija Lachinayi lonse, akujompha ndi zala ziwiri. Atamaliza, purintala inakana. Anaimbira Gracious, foni osayankhidwa. Anaitana a Dyson, amene anafika n'kunena kuti ankanena iwo, n'kulowetsa chimbale chawo chija, ndipo pofika folo koloko ngakhale kalata ya abwana ija inali itasowa. Walira mvula walira matope.

Lachisanu m'mawa abwana anandiitana, maso ali pansi.

"A Amosi, katengeni yakale ija."

Ndinakaifukula pansi pa matumba, ndinaipukuta fumbi la nandolo, ndinailumikiza ndi purintala yake yaphokoso. Inayaka nthawi yomweyo, buluu uja ali phuliphuli. Abwana anandipatsa pepala lolemba pamanja n'kupita kukaima pakhonde. Analibe ngakhale mtima woti awauze okha mayiwo chimene akutayipa.

A Rozaria anakhala pampando wawo, anakonza mpango kumutu, anaika zala pa kiyibodi.

"Werengani."

"Mayi, kalata iyi…"

"Ndikuidziwa. Werengani, ndi ntchito yanu."

Ndinawerenga. Zala zawo zinayamba kutayipa. Dzina lawo, chifukwa chopumira, mawu othokoza amene abwana anakopera m'kalata ya mlonda amene anapuma chaka chinacho. Nditafika poti agwira ntchito zaka khumi ndi zisanu, zala zinaima.

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi. Wabera zinayi ameneyu. Kapena akuti zimene ndinagwira osaona sizikuwerengedwa?"

Anatayipa khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kenako anadina mabatani osindikizira aja osayang'ana, ndipo purintala inayamba kulira mpaka abwana pakhonde paja anamva. Makope atatu anatuluka oyera, opanda cholakwa. Mayiwo anazimitsa kompyuta mwa dongosolo lake, anaifunditsa kansalu kamene ankaifunditsa masiku onse, anatenga chikwama ndi ambulera.

Ndinawatsatira mpaka panja, pomwe a kabaza amadikirira anthu. Ndinayamba kufotokoza kuti ndinkafuna kuthandiza, kuti Gracious analonjeza. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"A Amosi, zaka zinayi munali maso anga," anatero. "Sindinkadziwa kuti maso ali ndi pakamwa."

Anakwera njinga ya kwa Nazombe, atakhala chammbali, chikwama pamiyendo. Mdzukulu wawo wamkulu, Bertha, anasiya sukulu chaka chomwecho ali Fomu 2. Ndinapitako kawiri ndi shuga ndi sopo. Ulendo woyamba analandira katunduyo n'kundithokoza ngati mlendo. Wachiwiri anamva mawu anga ndili pabwalo, n'kutuma mwana kuti adzandiuze kuti agogo kulibe.