Mikono Yosatupa ya ku Kasenengwa

Chaka chimene nthomba inalowa m'dera lathu, ine ndinali wotemera anthu. Udokotala ndinalibe. Sukulu ndinalekera Sitandade Sikisi, kenaka anandiphunzitsa masabata ochepa chabe kukanda mkono ndi kansingano, kudonthezapo mankhwala, n'kumuuza munthu kuti asapukute. Koma chifukwa cha malaya a khaki aliyense ankanditcha adokotala, ndipo kunena zoona ine sindinkakana.

Inali nthawi ya Chitaganya cha atsamunda, tauni yathu ikutchedwabe Foti Jemusoni. Tinkaika tebulo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa ku Kapata, mzere wa anthu n'kukafika kumsewu. Musaganize kuti ankabwera mokondwa. Ambiri ankachita kukakamizidwa ndi mabwana awo kuntchito, chifukwa mphekesera inali ponseponse yoti katemera wa boma la Chitaganya ndi wotseka mimba, ati cholinga chake tisamabereke. Amayi ena akangochoka patebulo ankathamangira kuseri kwa msika kukatikita mandimu pamene ndakandapo. Tsiku lina bambo wina wachikulire anandilavulira pansapato. Mtima unkandiwawa kwambiri, ndipo ndinkalakalaka munthu mmodzi yekha woti anene kuti zikomo.

Ntchitoyi inali ndi malamulo awiri. Mankhwala ankabwera m'timachubu tagalasi toonda ngati udzu, ndipo ankadana ndi kutentha: akatenthedwa ankafa, koma maonekedwe osasintha. N'chifukwa chake tikamapita kumidzi tinkawaika m'chitini chokulunga ndi saka yonyowa, n'kumaiviika pamtsinje uliwonse. Lamulo lachiwiri linali lobwerera pakatha masiku asanu ndi atatu kukaona mikono. Katemera akagwira, mkono umatupa, pamatuluka thuza, munthu n'kumva malungo. Mkulu wathu pantchito, munthu waukali, ankati mkono wosalala ndi mkono wosatemeredwa.

Chakumapeto kwa Okutobala, katekisi wa mudzi wina ku Kasenengwa anatumiza uthenga. Anali atalimbana ndi anthu ake mpaka anavomera, ndiye anapempha kuti wotemera afike Lamulungu akaweruka mapemphero. Anatuma ine. Ndinanyamuka Loweruka m'mawa pa njinga, chitini kumbuyo.

Nditafika ku Madzimoyo ndinapeza masamba atayalidwa panjira, chizindikiro cha maliro. Ndinatsika panjinga monga mwa mwambo. Pofunsa, ndinamva kuti amene atisiya ndi amalume a mkazi wanga. Mkamwini sadutsa siwa, ndipo sakhala mlendo pamaliro. Ndinatsamiritsa njinga pamthunzi wa nkhokwe, iwo n'kundipatsa nkhwangwa kuti ndikathandize kuwaza nkhuni, kuchokera apo kumanda. Za chitini ndinkazikumbukira ndithu, koma ndikanadzuka bwanji pakati pa apongozi n'kunena kuti ndikukasamala katundu wa boma la Chitaganya? Tinabwerako kumanda dzuwa litapendeka. Mthunzi unali utasamuka kalekale, saka ili gwa, chitini chikuotcha m'manja.

Choyenera chinali kubwerera kutauni, kukaulula, ndi kutenga mankhwala ena. Ndinaganiza za nkhope ya mkulu wathu, ndinaganizanso za anthu amene katekisi anawasonkhanitsa movutikira. Ndiye ndinachita chopusa: ndinaviika saka ija pachitsime, n'kupitiriza ulendo, ngati kuti madzi akatayika amaoleka.

Lamulungu ndinatemera mudzi wonse pakhomo pa tchalitchi chaudzu, kuyambira katekisi mwini wake mpaka makanda. Palibe amene anathawa. Mwa iwo ndimakumbukira mayi wina wamasiye, wapakati, atagwira mwana wake wamkazi wazaka ngati zisanu. Kamtsikanako sikanalire. Kanangoyang'anitsitsa kansingano ndi maso aakulu, kenaka n'kufunsa ngati belu la njinga yanga limalira.

Nditabwerera patatha masiku asanu ndi atatu, anandichingamira ndi nthungululu. Ndinakwinya manja a malaya mmodzimmodzi, ndipo mikono yonse inali see, popanda ngakhale kathuza. Koma katekisi anaimirira n'kuyamba kulankhula.

"Adokotala, tathokoza. Anzathu a tsidya lija anawatemera ena, anatupa mikono mpaka kulephera khasu. Ife taonani, tikukonza minda bwinobwino. Inu muli ndi dzanja lofewa."

Mayi wamasiye uja anagwada pamodzi ndi mwana wake.

"Mulungu akudalitseni, bambo. Mwanayu sanadwale ndi tsiku limodzi lomwe."

Kenaka anamupatsa mwanayo nkhuku yoyera kuti andipatsire, ena n'kuthira mtedza m'chikwama changa. Ndinafuna kunena kuti tibwereze katemera, koma ndinabisa. Mantha analipo, poti akanati Chitaganya chikuyesera mankhwala pa iwo. Koma ndisaname, chachikulu chinali chakuti zikomo ameneyu ndinali nditamudikira nthawi yaitali, ndipo anandikomera. Chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuku ndinalandira ndi manja awiri, ndipo kuntchito ndinakanena kuti zonse zayenda bwino.

Ndinadzilonjeza kuti ndibwerera mwakachetechete pakatha masabata awiri, ndikapeze chonamizira. Koma nthomba inabuka ku Kapata, ndipo amene ankatilavulira aja anayamba kukanganirana pamzere. Tinkatemera kuyambira m'mawa mpaka manja kuuma. Mvula nayo inagwa, mitsinje inadzaza. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Mkazi wanga ankadabwa kuti bwanji ndikukana kuti aphe nkhuku ija.

Uthenga wa katekisi unafika chimanga chikumasula. Nthomba inali m'mudzi.

Ulendo uno saka ndinaiviika ngakhale m'zithaphwi. Nditafika sikunamveke nthungululu. Ndinadutsa pafupi ndi manda osacheuka, chifukwa dothi latsopano linkaonekera patali, ndipo milu yambiri inali yaifupi. Katekisi anaimba belu, anthu anabwera, koma anakhala patali atafunditsa mikono. Mayi uja analiponso, ali ndi khanda kumsana. Ndinamufunsa za kamtsikana kaja.

"Kapulumuka, bambo, koma maso apita," anatero. "Inu musadandaule. Munayesetsa. Matenda a chaka chino aposa mankhwala."

Ndinapempha kuti nditemere khandalo. Anagwira mfundo ya mbereko n'kupukusa mutu.

"Iyayi, bambo. Mchemwali wake uja munamutemera, nanga zinathandiza chiyani? Mulekeni, asamve kuwawa pachabe."

Ena onse anavomereza chapansipansi. Apa m'pamene ndinaona bwino chimene ndinachita. Bodza langa linali litapha kale ana, ndipo tsopano linkafuna khanda ili. Panalibe njira ina yoti mayiyu amasule mbereko. Ndinaimirira pakhomo pa tchalitchi n'kufotokoza zonse: za maliro a ku Madzimoyo, za nkhokwe, za chitini chotentha. Ndinawauza kuti mankhwala amene ndinawathira anali akufa, kuti mikono yosatupa ija ndinaizindikira tsiku lomwelo, ndipo nkhuku ndinailandira ndikudziwa.

Ndinkayembekezera miyala, ndipo mwina ikanandipepuza mtima. Koma palibe anatola mwala. Bambo wina anadzuka n'kulowera kumunda. Katekisi anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndine ndinawauza kuti akukhulupirireni."

Mayi uja ndiye anayamba kubwera. Anamasula mbereko, n'kutambasula kamkono ka khandalo, maso ali kumbali.

"Kandani kuti patupe," anatero.

Enawo anatsatira, koma osati onse. Mabanja ena sanabwere, ndipo sindinganene kuti analakwa. Kutauni ndinakaululanso kwa mkulu wathu. Anandizazira mpaka mawu kusasa, koma sanandichotse ntchito chifukwa otemera tinali ochepa. Ndinakhumudwa kuti chilango chinathera pomwepo.

Patatha masiku asanu ndi atatu ndinapitanso. Mikono inali yotupa, ana akulira, amuna akudandaula kuti alephera kupalira. Palibe anandipatsa mpando. Pomaliza ndinafika pakhomo pa mayi uja, ndipo ndinapeza thuza lalikulu bwino pamkono wa khandalo. Pobweza njinga, belu linagunda nsanamira ya khonde n'kulira.

Kamtsikana kaja kanali katakhala pamphasa, nkhope yonse zipsera. Kanadzutsa mutu.

"Amayi, ndi adokotala a dzanja lofewa aja?"

Mayiyo sanandiyang'ane.

"Ndi omwewo. Apatse moni."

Mwanayo anagwada bwinobwino monga anamuphunzitsira, n'kuomba m'manja. "Zikomo, adokotala," anatero. Anali atayang'ana kunkhokwe, ine ndili mbali inayi, ndipo ndinasuntha mwakachetechete kukaima kumene iye anayang'anako.