Nshawa Zilibe Lisiti

Ntchito yosindikiza ndinaipeza kutchalitchi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma kuwerenga ndinkadziwa. ATembo, mkulu wa mpingo wathu ku Katondo, atandimva ndikuwerenga Salmo anati, "Mawa ubwere kumakina anga."

Anandiphunzitsa kutola zilembo za mtovu m'timipata ta kabati, kuzindandalika chobwerera, mzere ndi mzere, kenako kumanga tsamba lonse ndi chingwe kuti lisamwazike. Tsamba likasindikizidwa, umamasula chingwe n'kubweza chilembo chilichonse pakampata kake. Zilembo zinali zochepa, sizinkagona.

Patapita zaka ndinalemba buku langa: mbiri ya makolo athu amene anachoka kuchigawo cha Kum'mawa kudzagwira mumgodi ndi kunjanji, maina awo ndi midzi yawo. Sindinapemphe kampani iliyonse. Ndinalisindikiza ndekha. Mapepala ankasowa masiku a chipani chimodzi aja, aTembo anandigawira awo. Ndinawalipira ndi matumba a nshawa zochokera kumudzi, ndipo za inki ndi makina ndinagwirira Loweruka lililonse osalandira kanthu. Lisiti sitinalemberane. Munthu amene umadya naye Mgonero sumufunsa lisiti. N'kumutukwana.

Buku linagulidwa n'kutha msanga, anthu a m'makomboni a Ngungu ndi Makululu akulifunabe. ATembo anandilola kusunga masamba anga ali omanga, mpaka ndidzagule mapepala ena ndi ndalama za mabuku amene ndinagulitsa.

Ndalamazo zili m'manja, kunabwera wa msonkho kudzaona bizinesi ya aTembo. Anaona masamba pashelefu, nafunsa kuti mwini wake ndani. Sindinabise.

"Boma silidya pa zonse, ba Phiri," anatero. "Mumachotsa zimene munawononga, msonkho umagwa pa zotsala. Ndionetseni malisiti."

Ndinamuuza za nshawa ndi za Loweruka. Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe.

"Nshawa zilibe lisiti. Nizalemba chani apa?"

Ndinayang'ana aTembo. Akanavomera, zikanaoneka kuti anandigulitsa mapepala koma osalemba malondawo m'mabuku awo. Anaweramira makina, akupukuta malo opukuta kale. Sindinawakakamize.

Msonkho unagwa pa ndalama zonse, ngati mapepala ndinatola mumsewu. Zotsala sizinakwane mapepala ena. Mwezi usanathe aTembo analandira ntchito yaikulu ya makadi a ukwati.

"Phiri, zilembo zija zikufunika," anatero, osandiyang'ana.

Sindinalole wina kukhudza. Ndinamasula chingwe ndekha, tsamba ndi tsamba. Lomaliza linali la mudzi wathu. Dzina la bambo anga ndinalichotsa chilembo chimodzichimodzi, chilichonse n'kugwera pakampata kake.

Buku lija silinasindikizidwenso. Mpaka lero zidzukulu za anthu aja zimandipeza kudzafunsa kumene agogo awo anachokera. Ndimanena zimene ndikukumbukira, ndipo chaka chilichonse zikuchepa.

Wa msonkho sanalakwe, ndi lamulo. Koma iwe amene ukusindikiza buku lako, lipira ndi ndalama, ndipo lisiti utenge tsiku lomwelo, ngakhale wogulitsayo ndi amene anakuimirira pa ubatizo. Ine ndinachita manyazi kufunsa kapepala kamodzi.