Njovu Zanga Zitanditembenukira

Ndikukumbukira Loweruka lina ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene njovu zanga zinanditembenukira pamaso pa anthu ku Boksburg. Njovuzo zinali zazitali ngati chala chamanthu, ndipo ndinazipaka penti ndi manja angawa.

Bambo anga ankagwira ntchito yopopera penti m'fakitale ina ku Wadeville. Kapitawo wawo ataona kuti dzanja lawo silinjenjemera, anawapempha kuti amupakire tiasilikali take tamtovu, ndipo matendawo analowa m'nyumba mwathu motero. Pasanapite nthawi bambo anali atalowa kalabu ya azibambo a ndevu zawo ndi mimba zawo, amene ankakumana mu holo ina Loweruka masana n'kumamenyanitsa tiasilikali ta makedzana patebulo. Patebulopo ankayalapo nsalu yobiriwira n'kuikapo timapiri ta siponji. Panali tepi yoyezera mtunda woti gulu liyende, ndi madayisi oweruza kuti wafa ndani, wathawa ndani. Mayi ankati imeneyo ndi misala ya azungu, komabe anali iwo omwewo amene ankatisungira zitini zonyamuliramo asilikaliwo.

Ine misalayo inandigwira kuposa bambo. Ndinasankha gulu lankhondo la ku Kateji, mzinda wakale wa kumpoto kwa Africa, pa chifukwa chimodzi chokha: linali ndi njovu. Ndinkazipaka ndikaweruka kusukulu, lilime lili panja, mpaka minyanga inayera mbuu. Bambo anandichenjeza kuti malamulo a masewerawa amati njovu zikachita mantha zimathawira kumbuyo n'kuponda aliyense amene zamupeza, sizidziwa mwini wake. Ndinagwedeza mutu movomera, koma makutu anali kwina.

Masewera anga oyamba anandiika ndi Che Idrisa, mnzawo wa bambo wa ku Mangochi, amene anali ndi spaza ku Etwatwa. Bambo ndiwo anawakokera ku kalabuko. Kamodzi pamwezi ankatseka golosale yawoyo, n'kukwera matakisi atanyamula gulu lawo la Aroma pamiyendo, m'chitini cha mabisiketi, msilikali aliyense atamukulunga m'katishu ngati dzira. Chiyambire anali asanawineko. Aliyense ankadziwa zimenezi, ndipo eni akewo ankaseka n'kumati Aroma awo ndi aulemu, amapatukira alendo. Nditamva kuti ndisewera ndi iwo, mtima unangoti myaa. Ndinauziratu mayi kuti andisungire nkhuku ya chikondwerero.

Mu holomo munkanunkhira khofi ndi polishi wa pansi. Ndinandandalika njovu zanga kutsogolo, anthu a mikondo onse ndinawapanikiza kumbuyo kwake, mkulu wa nkhondo pakati pawo. Zinkaoneka bwino zedi. Che Idrisa anayeza ndi tepi mosafulumira, nasendeza anyamata awo oponya nthungo. Nthungo zinalasa. Tsopano inali nthawi yanga yoponya dayisi kuti tione ngati njovu zilimbe mtima. Ndinaliuzira mpweya monga ndinkaonera akuluakulu akuchitira, ndinaponya, ndipo linagwa pa wani, nambala yotsikitsitsa.

Njovu zinatembenuka. Zinadutsa pakati pa anthu anga a mikondo, zinaponda mkulu wa nkhondo ndi mbendera yake yomwe, ndipo ndinayamba kuchotsa asilikali patebulo m'manjam'manja. Mkulu wina wachizungu, a Piet, amene anapuma ntchito ya kumgodi, anaseka mpaka kutsokomola. Sankaseka mwachipongwe, zimenezi zinawagwerapo onse, koma ine ndinamva kutentha kumaso ndi m'makutu. Ndinakoka chitini changa.

“Basi ankolo, mwawina. Ine ndatopa.”

Che Idrisa anali ataimirira, tepi ili m'manja, maso akuwala. Anandiyang'ana, nayang'ana tebulo, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono.

“Palibe vuto mwanawe, sharp. Tidzasewera tsiku lina,” anatero, akutambasula katishu koyamba.

Bambo anandikodola kuti tituluke pakhonde. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma anangotsamira chipupa n'kumayang'ana magalimoto.

“Tiya, ukudziwa kuti pano masewera osafika kumapeto sawerengedwa?”

“Koma ndaluza kale, adadi.”

“Sunaluze, ukuluza. N'zosiyana. Munthu uja watseka spaza lero Loweruka, tsiku la makasitomala. Wachoka ku Etwatwa konse kuja. Chilowereni muno sizinamuyenderepo, lero lokha zamuyendera, ndiye iwe ukufuna kumulanda chakudya chili pakamwa.”

Ndinakanda simenti ndi nsapato.

“Bwerera ukamalize kuluzako bwinobwino. Koma usakamupatse dala, adziwa, ndipo zimenezo zimupweteka kuposa kuthawa kwakoku.”

Ndinabwerera mphuno ili yotupa. Che Idrisa anali atakulunga kale Aroma angapo.

“Ankolo, musapakire. Ndikadali ndi anthu.”

Anakweza mutu. Anangomasula matishu aja n'kubwezera msilikali aliyense pamalo pake penipeni.

Anthu amene ndinkanenawo anali ochepa momvetsa chisoni: kagulu ka okwera akavalo, ndi anyamata oponya miyala ndi gulaye, amene ndinawapaka mothamanga chifukwa sindinkawawerengera. Anyamatawo ndinawakweza pa kaphiri ka siponji, akavalo ndinawazungulitsa kumbali. Poti bambo anati ndisapereke dala, ndinalimbikira ndi mtima wonse. Ndinkayeza kawirikawiri, ndinkafunsa malamulo, ndinkawerengera Che Idrisa mtunda kuti asandibere ngakhale kachikhadabo.

Ndiye zinayamba kukoma. Aroma akafika m'munsi mwa phiri, miyala inkawabweza. Akavalo anga anagwera gulu lina chakumbuyo n'kulibalalitsa. Ndinayamba kuwatcha anyamata a paphiri aja mayina a anthu amene ndinkawadziwa, wina Malume Gift, wina Abusa, wina Anaphiri wa pa renti, ndipo aliyense akapulumuka dayisi ndinkalengeza mokweza. Anthu anasiya matebulo awo n'kubwera kudzatizungulira, makapu a khofi ali m'manja. Che Idrisa thukuta linali kamukamu. Ankalankhula ndi madayisi m'Chiyao, kuwanyengerera ngati ana okana phala.

“Eish, achimwene,” anauza bambo, “mwana wanuyu ngouma mutu. Watengera ndani?”

“Amayi ake,” anayankha bambo mosachedwa, poti mayiwo anali kutali.

Panafika nthawi imene ndinaona mantha enieni pankhope pa Che Idrisa, chifukwa gulu limodzi likanathawanso, Aroma onse akanabalalika. Anapukuta manja m'thalauza, naponya. Aroma analimba. Anakwera phiri lija, Abusa anagwa, Anaphiri anagwa, ndipo Malume Gift, amene anatsala yekha, ndinamuchotsa ndekha patebulo ndi ulemu wonse.

Che Idrisa anangoti kakasi, kuyang'ana nsalu yobiriwira imene panalibenso mdani. A Piet anapita kukabati ya pakona n'kubwera ndi chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: chisoti cha Chiroma chapulasitiki, chokhala ndi nthenga zofiira zopangidwa ndi mutu wa tsache. Unali mwambo wa kalabuyo kuti munthu akawina koyamba achivale n'kuzungulira holo yonse. Anawaveka pamwamba pa kofiya wawo. Chinali chachikulu, chinkawatsikira m'maso, koma anayenda chidale ngati mfumu ya Aroma yeniyeni, azibambo onse akuwomba matebulo mpaka tiasilikali tinkadumphadumpha. Bambo anawajambula pa foni, chithunzi n'kupita kwa akazi a Che Idrisa ku Mangochi nthawi yomweyo.

Atamaliza kuzungulira anabwera kwa ine, nandigwira dzanja ndi manja awiri, monga amachitira kwa munthu wamkulu.

“Zikomo, mama. Mwandivutitsa kwabasi.”

M'maso mwawo munali misozi, ndipo ine, woluza, ndinali wosangalala kuposa mmene ndinkaganizira kuti ndidzasangalalira ndikawina. Chisangalalocho chinandidabwitsa njira yonse yobwerera kunyumba.

Chithunzi chija Che Idrisa anachitsukitsa, ndipo mpaka lero chili m'spaza mwawo pamwamba pa shelefu ya buledi. Kasitomala akafunsa, amamufotokozera kuti tsiku limenelo anagonjetsa mkulu wa nkhondo woopsa, wosamva za munthu, amene anakana kugonja mpaka msilikali womaliza. Sanenapo kuti mkulu wa nkhondoyo anali kamtsikana ka sukulu, ndipo ine ndikakhalapo sindiwatsutsa.

Ndili mwana ndinkayesa kuti woluza alibe ntchito, kwake n'kuchoka msanga manyazi asanachuluke. Tsopano ndikudziwa kuti kupambana kwa mnzako kumakhala m'manja mwako. Ukathawa, amapita kwawo chimanjamanja ngakhale anakuposa. Ukakhala n'kulimbana naye mpaka pomaliza, umamupatsa nkhani yoti azikafotokoza moyo wake wonse. Ndapatsapo anthu mphatso zambiri chikulireni, zina zodula ndithu, koma palibe imene mwini wake anaisunga nthawi yaitali ngati kuluza kwanga kwa tsiku lija.