Tsitsi la Bambo Ernest

Kukamacha, Agness ankawapeza Bambo Ernest atadzuka kale, ali pa njinga yawo ya olumala, nkhope kum'mawa, ngakhale pawindo pankangooneka madenga onyowa a mu Bolton. Ankaimba chapansipansi m'chinenero chawo, akatha n'kuloza chipeso. Dzanja lamanja linafa ndi sitiroko, ndiye Agness, wantchito wa panyumba yosamalira okalambayo, ndi amene ankawaluka tsitsi: zingwe ziwiri zaimvi zofika m'chiuno.

Bambo Ernest anali Mlakota, mtundu wa eni nthaka a ku America. Anafika ku Salford, mzinda wa Angelezi woyandikana ndi Bolton, ali mnyamata, kutsatira mkazi wachingelezi, ndipo zaka makumi atatu ankajambula zikwangwani za masitolo, zithunzi zomata pa mabasi ndi mapepala okutira mabisiketi. Dzina lawo silinkalembedwapo. Kunyumba ankajambula zawozawo: akavalo ofiira ndi achikasu akuthamanga pa mapu akale a mzinda, akudumpha misewu ndi njanji. Mkazi atamwalira, popanda mwana, anatsala ndi akavalowo. Chilankhulo chawo panalibe wochimva kuno.

Chaka chatha kunabwera kalata. Anthu ena ankafuna kuonetsa zithunzizo ku Salford, ndipo adzafika ndi makamera. Agness anasangalala ngati ndi bambo ake omubereka. Anasita shati, anapukuta nsapato, kenako anaganiza kuti munthu wamkulu sangaonekere pagulu ndi tsitsi lotere. Analemba dzina lawo pa pepala la wometa, osawafunsa. Wometayo anabwera tsiku limene Agness sanali pantchito, mkuluyo akuodzera ndi mankhwala.

M'mawa mwake Agness anawapeza osaimba, zingwe zija palibe, dzanja lili pankhongo.

"Mlongo wanga, wamwalira ndani?"

"Palibe, bambo. Tinkangofuna mutchene, alendo akubwera."

"Kwathu mwamuna sadula tsitsi popanda maliro. Ine ndinadula kamodzi, la mkazi wanga."

Chipeso chinamugwa Agness m'manja. Anakumbukira lumo lozizira pamutu pake ku Ntcheu, tsiku limene anamumeta maliro a mwamuna wake. Zinthu zoti ankazidziwa bwino lomwe! Anagwada pansi kupepesa, koma mkuluyo sanakalipe. Anangopempha chinthu chimodzi.

Bambo Ernest anawakana alendo aja. Chionetsero chinachitika mwini wake palibe, ndipo nyengo yozizira isanathe anatisiya. Pa maliro panali anthu anayi.

Za tsitsi lija Agness anali atafunsa wometa, anafunsa ku ofesi, anafunsa osesa. Aliyense ankangoti zinyalala zimatengedwa Lachiwiri. Kavalo mmodzi wofiira ali pakhoma m'chipinda mwake, pamwamba pa pamene amagwada popemphera, ndipo akakweza maso amawamvanso:

"Mundipezereko tsitsi langa, mlongo wanga. Ndikamapita, ndipite nalo. Amayi angandizindikire bwanji chonchi?"