Tsache la Amayi ndi Matenda a Fisikale

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinazindikira kuti tsache likhoza kupha. Sindikunena kumenya nalo ayi. Ndikunena kusesa kumene, kusesa kwaulemu kuja kowaza kaye madzi kuti fumbi lisabuke. Amene amandidziwa kuno ku Tete amati ndikamasimba nkhani ndimathira mchere wambiri, koma pa iyi ndikulumbira, sindiwonjezerapo kanthu.

Tinkakhala ku Degue. Makolo anga anali a ku Angonia, koma nkhondo inawathamangitsira ku Malawi, ndipo mtendere utabwera anadzakhazikika mumzinda muno, Amayi n'kuyamba kugulitsa mbatatesi, kabichi ndi mtedza kumsika, ku merikado. Ine chuma changa chinali chimodzi chokha, chinkhwe chobiriwira chamutu wotuwa chimene Tiyu Bento, mlongo wa Amayi, anandibweretsera chikadali kamwana. Anzanga ankati papagayo. Amayi anachitcha Fisikale, ngati anthu amsonkho akumsika aja, chifukwa chinkayendera mulu uliwonse wa malonda n'kutapapo pang'ono osapempha. Fisikale sankalankhula, koma ankatsanzira kulira kwa chitseko chathu mwaluso kwambiri, moti Ababa anakhala akuthira chitsekocho mafuta mpaka chinayamba kuterereka m'manja asanadziwe kuti chinalibe mlandu.

M'nyengo yadzuwa, pamene ngakhale abuluzi amaodira pakhomo kupempha mthunzi, Fisikale anasiya kulira ngati chitseko. Anafufumitsa nthenga ngati ali ku Tsangano nthawi yachisanu. Ankatsika pakamtengo kake n'kukhala pansi pa gayola, kakhola kake kawaya, akupuma mchira ukugwedezeka. Zitosi zake zinasanduka madzi achikasu. Ndinkapita kusukulu osadziwa ngati ndimupeza wamoyo pobwera.

Mwayi wake, Tiyu Bento ankaphika pamalo ena odyera m'mbali mwa Zambezi, pamene mwini wake ankasunga nyama zoti alendo aziona: ng'ona, nsato, akamba ndi nkhwazi yothyoka phiko. Kumeneko kunkabwera dotolo wa zinyama, a Mateusi, kudzaziyeza nthawi ndi nthawi ngakhale zisakudwala. Ndinawaonapo ndi maso angawa akuyeza kamba pasikelo ya nsomba, kenako akusuzumira m'kamwa mwa nsato ngati munthu wofuna ndalama yake yogwera m'chitsime. Tiyu anawapempha, iwo n'kuvomera kudzadutsa kwathu Loweruka. Uthenga anatumiza umodzi wokha: musakhudze kanthu, ndikufuna kudzaona mmene mbalameyo imakhalira masiku onse.

Uthengawo utafika, Amayi anaika pansi mpeni.

"Dotolo? Pakhomo pano?"

Loweruka kusanatenthe, tsache linali litayamba kale ntchito. Amayi anasesa bwalo mpaka mizu ya msau wathu inatulukira kunja. Anasesanso kwa aneba, poopa kuti dotolo angaponye diso kuseri kwa mpanda. Kenako anatembenukira ku gayola. Masiku onse inkapachikidwa m'khitchini, pafupi ndi mbaula ya makala, kuti amphaka asaifikire. Anaitsitsa, n'kuikwecha ndi phulusa ndi sopo. Katoni yapansi, imene inali ndi zitosi zonse, inakagwera m'chimbudzi. Kachitini ka chakudya, mmene tinkathira mtedza wotsala kumsika, uja wofota wosagulika, pamodzi ndi buledi woviika mu tiyi, kanasowa. M'malo mwake munalowa kambale ka m'kabati ya alendo, kali ndi papaya ndi chimanga chachiwisi. Gayola inakapachikidwa pa msau, pamphepo yabwino.

"Amayi, anati tisakhudze kanthu."

"Ndaikhudza ine mbalameyo? Ukufuna munthu wophunzira adzanunkhize zitosi pakhomo panga, akasimbire mkazi wake?"

Ndinadzitonthoza kuti Fisikale mwini wake aonetsa matenda ake. Koma njinga yamoto ya a dotolo itangoima pachipata, mbalame imene inagona pansi mlungu wonse inakwera pakamtengo, inasalaza nthenga, inatukula chifuwa ngati msilikali pa perete. Ndinafuna kuitukwana. A Mateusi sanadabwe. Anati mbalame zonse zimatero zikaona mlendo, chifukwa kutchire yooneka yofooka ndiyo imayamba kugwidwa ndi kabawi. N'chifukwa chake iwo sakhulupirira nkhope ya mbalame, amafunsa pansi pa khola.

Anawerama, n'kupeza pansi pakuwala.

"Dona, zitosi zili kuti?"

"Mbalame yathuyi ndi yaukhondo, a dotolo. Sichita zimenezo kawirikawiri."

"Nanga imadya chiyani?"

"Zimene mukuzionazi."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinangofika pa "mte," Amayi n'kundituma madzi akumwa a alendo. Nditabwera ndi kapu ndinayesanso, ndinati mbalameyi imagona pansi, imapuma movutika, imakhala mu utsi. Amayi anaseka kuseka kwawo kwa pamaso pa alendo.

"Musamumvere Zeka, a dotolo. Ndi yemweyu anauza aphunzitsi kuti wachedwa chifukwa mvuu inagona pamsewu."

Mvuuyo inagonadi pamsewu, ndipo aliyense wokayika abwere ndikamuonetse malo ake. Koma a dotolo anamwetulira, ndipo umboni wanga unathera pomwepo. Anagwira Fisikale ndi kansalu, anapapasa chifuwa n'kunena kuti fupa latuluka, mbalameyi yaonda, koma chifukwa chake sakuchiona. Anasiya ufa wothira m'madzi wopatsa mphamvu, n'kulonjeza kubweranso.

"Ulendo uno musasese, dona. Mwamva?"

"Tamva, a dotolo," anatero Amayi atapinda bondo.

Tsiku la ulendo wachiwiri ndinakhala pansi pa gayola ngati mlonda. Ndinakana kusamba, ndinakana kusewera. Amayi anandiyang'ana, n'kunena modekha kuti shuga wa tiyi wa alendo watha. Mwana sakana kutumidwa. Ndinathamanga mpaka mthunzi wanga unatsalira m'mbuyo, tinakumana pobwerera ukupitabe kubaraka, kokala kogulako shuga. Koma nditafika gayola inali kale pa msau, yonyezimira moti ntchentche zinkati zikatera n'kuterereka. Pansi pake Amayi anayalapo kansalu kopeta maluwa, kaja kophimbira wailesi.

A Mateusi anaona kansaluko, anavula chipewa, anadzikanda m'mutu. Anati palibe kanthu, adikira mbalameyo ichite zatsopano iwo akuona. Anakhala pampando, maso pa mchira wa Fisikale. Anamwa tiyi, anawathiriranso wina. Fisikale anadzigwira m'mimba ngati mkamwini pakhomo pa apongozi. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa msau unachoka pa ife, munthu wophunzira akudikirabe chitosi. Pomaliza anatembenukira kwa Ababa.

"Bambo, tandithandizani kulankhula ndi mayi."

"Za pabwalo pano ndi za amake Zeka, a dotolo. Ine ndemwe amandisesa ndikakhalitsa malo amodzi."

Njinga yamoto itangokhota pakona, Fisikale anamasula zonse, n'kugwera pansi. Ndinafuula kuti a dotolo abwerere. Pamene ndinkacheuka, kansalu kanali kale m'beseni.

Ndinalira tsiku limenelo, osati ndi chisoni koma ndi ukali. Aliyense pankhaniyi ankafuna zabwino. Amayi ankaikonda mbalameyo, ndiwo ankaipatulira buledi wawo. A dotolo ankabwera osalipiritsa. Koma mbalame inkafa pakati pa anthu abwino okhaokha, ndipo yekhayo wonena zoona anali munthu wa mvuu uja.

Pakati pa mlungu wotsatira, nditaweruka kusukulu, Amayi ali ku merikado, ndinatsitsa gayola m'khitchini mmene inalili: yakuda ndi utsi, katoni yonyowa, kachitini kodzaza. Ndinakwera nayo shapa, minibasi ya kuno, kupita kumalo odyera a Tiyu aja. Fungo lake linandipatsa ulemu umene sindinaulandireponso, anthu anandisiyira mpando wonse ngati nduna. Mayi wina woyandikana nafe anali momwemo, anangogwira pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti nkhani ikafika kumsika ine ndisanatsike.

Tiyu anali atandiuza kuti tsikulo ndi loyeza nyama. Ndinapeza a Mateusi ali m'khola la ng'ona, amuna angapo ataikhalira pamsana, kukamwa kwake atakumanga ndi mphira wa chubu. Ankaipaka mankhwala pa kachilonda ka mwendo. Atatuluka n'kusamba m'manja, ndinawaikira gayola patsogolo. Fisikale anayesa kukwera pakamtengo, koma ulendo uno mphamvu zonamizira zinali zitatha.

A dotolo anasolola katoni n'kuiyang'anitsitsa padzuwa. Ananunkhiza nthenga. Anatapa mtedza m'kachitini, anaswa umodzi ndi chikhadabo, mkati munatuluka ufa wobiriwira moderako. Anaswa wina, chimodzimodzi.

"Chuku," anatero. "Amadya zimenezi masiku onse? Ndipo amakhala mu utsi?"

"Ndinanena, a dotolo."

"Unanenadi, mwana wanga."

Kenako anafotokoza kuti chuku cha mtedza chimawononga chiwindi cha mbalame pang'onopang'ono, utsi n'kumalizitsa m'chifuwa. Akanaona kachitiniko tsiku loyamba, mwina zikanatheka. Analoza ng'ona ija, imene tsopano inali itabwerera m'matope mwake.

"Uyu sandikonzekera. Ndimamupeza mmene alili, ndi fungo lake, ndi zotsala zake. N'chifukwa chake chilonda ndachipeza chikadali chaching'ono."

Anandipatsa kabotolo ka mankhwala odonthezera m'kamwa, koma sanandilonjeze kanthu.

Kunyumba ndinapeza Amayi atabwerako kale, atakhala pakhonde, malonda atawasiyira mnzawo.

"Wandivula pamsewu, Zeka. Mzinda wonse waona."

Ndinayembekezera ndodo, koma sinabwere. Ndinawauza zimene a dotolo ananena, ndinaswa mtedza umodzi pamaso pawo. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anadzuka, anatenga thumba lonse la mtedza wotsala n'kukalikwirira kudzala. Kuyambira tsikulo ndiwo ankagwira Fisikale m'manja ine ndikudontheza mankhwala, akumunyengerera ngati khanda: "Meza, bambo, meza." Gayola sinabwererenso m'khitchini. Papaya uja anayamba kubwera tsiku lililonse, popanda mlendo.

Fisikale anafa mvula yoyamba isanagwe. Ndinamupeza masana ndikuchokera kusukulu, atagona chammbali pafupi ndi kambale ka alendo. Ndinamukwirira kuseri kwa nyumba. Kwa nthawi yaitali sindinkatha kumva kulira kwa tsache pabwalo popanda kukukuta mano.

Ndinali nditakula kale, ndili ndi ana anga, pamene ndinawafunsa Amayi chifukwa chimene anakanira kumvera mawu osavuta ngati aja. Ankasankha nyemba, ndipo sanadzutse mutu. Anandiuza za kumsasa wa othawa nkhondo kumene ndinabadwira. Anati kunkabwera anthu oyendera ukhondo, ena aulemu, ena ayi. Ena ankatukula mphasa ndi kamtengo, kusuzumira m'miphika, kufufuza m'tsitsi la ana, akukambirana okhaokha pamwamba pa mitu ya eni nyumba.

"Ankatiyang'ana ngati mmene dotolo wako uja ankayang'anira ng'ona. Tsiku limene ndinawoloka malire kubwerera kuno ndinalumbira kuti palibe munthu wa nsapato adzapezenso chonyansa pakhomo panga."



Lero ndimamvetsa kuti Amayi sankabisa matenda a mbalame, ankateteza chinthu chimene anachipeza movutika. Ndimamvetsanso kuti munthu wobwera kudzathandiza ndi munthu wobwera kudzanyoza amagogoda pachitseko mofanana, ndipo amene ananyozedwapo amavutika kuwasiyanitsa. Koma kumvetsa sikunandichotsere ukali wonse. Mbalame yanga ikanakhala ndi moyo, ndipo zinkhwe zimakhalitsa, mwina bwenzi pano ikuphunzitsa ana anga mwano. Choncho aneba akandiuza kuti aitana dotolo adzaone nkhuku kapena nkhunda zawo, sindiwapatsa malangizo ambiri. Ndimapita m'mawa, ndimapereka moni mwaulemu, ndimabwereka tsache lawo, n'kukalibweza dotolo atapita.