Buku Limene Atate Anasuta

"Imwe ba tate, mwabwela kugula vitumbuwa olo kugula pepala? Chokani apa, munitsekela makasitoma!"

Amene ankandikalipira chonchi anali Amake Juma, mayi wokazinga zitumbuwa pa msika wa Chelstone ku Lusaka. Ine ndinali nditaima patsogolo pa tebulo lawo, tayi ili pakhosi, ndikugwedeza kapepala konona mafuta pafupi ndi mphuno yawo. Woyamba kukalipa ndinali ine. Ndinawatcha wakupha, anthu akumva. Ndine wa mtima wapachala, ku ofesi amadziwa, makondakitala a minibasi amadziwa. Koma tsiku limenelo ndinali ndi chifukwa, ndipo chifukwacho chinayambira ku Kabwata ndili mwana.

Tinkakhala m'tinyumba tozungulira tofolera udzu tija, ufulu usanabwere. Atate ankaphikira mzungu wina ku Woodlands. Kuwerenga sankadziwa, koma tsiku lina anabwera ndi buku m'thumba la jekete, lopanda chikuto, lonenepa, la Chinyanja. Anawapatsa ndi mnzawo wosesa m'holo. Analitembenuza uku ndi uku, natsina tsamba limodzi ndi zala ngati akusankha nsalu, nati pepala ili n'labwino, silizima msanga. Analibweretsera kupichirira fodya.

Ine sukulu ndinayamba mochedwa chifukwa dzanja langa linkakana kudutsa pamutu kukagwira khutu, ndiye ndinkawerenga ndi chala, liwu limodzi limodzi, ngati munthu wotola nsabwe. Ndinatsegula tsamba loyamba atate akufunafuna machesi, ndipo sindinabwerereko.

Inali nkhani ya munthu wina, Chimutu, amene mbuzi yake inasowa. Anatsata mapazi ake mpaka pa dzungu lalikulu ngati tchalitchi, nalowa pa kabowo ka mbozi. M'katimo munali dziko. Anthu a kumeneko ankachapa zithunzithunzi zawo n'kuziyanika pachingwe, ankawoloka mitsinje pa nthanga, ndipo mfumu yawo inkalankhula poyetsemula basi, nduna n'kumamasulira. Kumwamba kwawo kunali kwachikasu. Mpaka lero ndikaona dzungu lodula pamsika ndimasuzumiramo, ndipo sindisamala amene akundiona.

Ndinalira kuti bukulo andipatse. Atate anali munthu wachilungamo mwa njira yawoyawo.

"Iwe yambira kutsogolo, ine ndiyambira kumbuyo," anatero. "Buku n'lalikulu ili. Tonse tikwana."

Unayamba mpikisano. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mbaula, chala chikuthamanga pamizere, Chimutu akukangana ndi asilikali a mfumu amene anamulanda chithunzithunzi chake. Atate akabwera ku Woodlands ankang'amba tsamba lakumbuyo, kuligawa pakati, kulinyambita, utsi tolo. Aphunzitsi ankadzitama kuti andiphunzitsa kuwerenga msanga. Bodza. Anandiphunzitsa ndi fodya wa atate. Ndinabisapo machesi, anayatsira pambaula. Ndinabisapo buku m'denga, analipeza ndi fungo, chifukwa linali litayamba kununkha ngati iwo.

Ndinkakhala pamapazi awo n'kumayang'ana utsi, poganiza kuti mwina ndionamo kanthu. Ndikawafunsa kuti tsambalo likuti chiyani, ankakoka mpweya, kutseka maso, n'kuganiza mofatsa ndithu.

"Ili likuwawa. Wina wafa."

Tsiku lina anati, "Ili likukoma, mwana wanga. Muli ukwati umu."

Ndikanawapeza. Ndimakhulupirira mpaka pano kuti ndikanawapeza, pakanapanda ufulu. Tsiku la ufulu ife ana a sukulu anatitenga kukaguba titanyamula timbendera tapepala. Atate anatsala pakhomo ndi anzawo ndi chidebe cha mowa wamasese. Munthu amene ankawerengera aliyense fodya wake tsiku limenelo anatambasula manja, akuti dziko ndi lathu tsopano, palibenso chomana mnzako. Aliyense wodutsa anamung'ambira tsamba. Ena sankasuta n'komwe, anayambira pomwepo.

Nditabwera ndinapeza buku lawonda ngati galu wa m'tchire. Ndinawerenga chotsalacho nditaimirira. Chimutu anali atakwera pamwamba penipeni pa dziko la m'dzungu, mbuzi ikulira chapafupi, thambo lachikasu lija n'kuyamba kung'aluka. Mzere womaliza unkati anayang'ana kumwamba, naona nsonga ya mpeni ikulowa. Basi. Kuseri kwake kunali ulusi.

Kabwata yense akuvina, ine ndikulira. Mayi wina anandiloza nati, onani mwana uyu, chimwemwe chamugwira. Ndinam'genda ndi kambendera.

Ndinakula, ndinamaliza Fomu Faifi, ndinalowa ntchito m'boma, ndinakwatira, anandipatsa nyumba ku Chelstone. Atate anamwalira ndi chifuwa, mapeto a nkhani ali momwemo. Ndinafufuza bukulo m'masitolo onse a m'tauni, koma dzina lake sindinkalidziwa, ndipo ukauza mtsikana wa m'sitolo kuti ukufuna buku la dzungu amakulozera ku zaulimi. Kenaka inafika nyengo ino ya mizere, shuga pamzere, sopo pamzere, mafuta ophikira pamzere, ndipo m'mashelefu a mabuku munangotsala zolankhula za akuluakulu a Chipani. Mabuku enieni anasamukira kumsika. Ukagula mtedza umaupeza m'mayeso a masamu, ukagula kapenta umam'peza mu nyimbo za Mulungu.

Madzulo a tsiku la mkangano lija ndinatsika minibasi, ndinagula zitumbuwa kwa Amake Juma, ndikuyenda ndikudya. Ponyambita chala, diso linagwera papepala. Chimutu. Ndinaima pakati pa msewu, njinga inandiphonya pang'ono. Zitumbuwa ndinazitaya m'fumbi, ndinathamanga ngati wakuba kubwerera pa tebulo la Amake Juma. Bukulo linali pansi pa beseni, atalitsindira ndi mwala. Ndinalitsomphola.

Panatsala timasamba tochepa ta pakati, tonse todziwa kale ine. Tsamba la mpeni linali litapita dzulo lake. Ankang'amba kuyambira kumbuyo.

Apa m'pamene ndinawatcha wakupha. Ndinafunsanso msika wonse kuti anthu a dziko lino anatani kuti aziyamba buku kumbuyo. Iwo anandiyankha ndi mawu aja ndayamba nawo, kenaka anandilanda bukulo n'kulikhalira.

"Kumbuyo ndiye kunali komasuka ulusi," anatero. "Kutsogolo tinagabana na mzanga wa kapenta, anasiliza kudala, kalekale. Manje imwe buku ni yanu?"

"Mwagulitsa mapeto! Mwadyetsa anthu mapeto!"

"Mapeto yabwanji? Ine nibelenga pepala iliyonse mafuta yakalibe kupsa. Nkhani yamene iyi ni ya chipuba cha mwamuna. Ali na nyumba, ali na bana, ali na mkazi wabwino. Pepala ikonkhapo, alibe bana. Ikonkhapo, ali pa ukwati. Ikonkhapo, alibe na mkazi, alowa mu dzungu. Tsiku na tsiku asaukilako. Nifuna chabe nizibe chamene chinamupusitsa so."

Mayi uyu anali atawerenga buku langa chobwerera m'mbuyo, ndipo mwa iye Chimutu ankathawa banja. Koma Chimutu anali moyo. Anatuluka m'dzungu. Ndipo ukwati unalimo, atate sananame.

"Nanga mpeni uja?" ndinafunsa, mawu atachepa.

"Mpeni niuziba bwino." Anatembenuza chitumbuwa m'mafuta. "Koma ine nine wakupha. Yendani mukafunse bamene banadya."

Azimayi a tomato anaseka mpaka wina anagwira tebulo. Ndinapita kunyumba ndi kapepala kanga m'thumba la malaya, mafuta akulowa m'nsalu. Mkazi wanga atandiona nkhope anafunsa kuti lero ndayambana ndi ndani. Ndinati za dzungu. Sanafunsenso, nkhaniyi anaimva tisanakwatirane.

Ine kupepesa sindidziwa. Ndinakanapo kupepesa kwa bwana wanga, anandisamutsira ku ofesi yopanda windo, ndinakhalamo mosangalala. Koma bwana analibe mpeni. M'Lusaka monse, mwina m'dziko lonse, munthu mmodzi yekha ankadziwa chimene chinachitika thambo litang'aluka, ndipo ndinali nditamutukwana pamaso pa tomato.

M'mawa mwake ndinavala suti, ndinamanga mtolo wa manyuzipepala akale, ndinadutsa pa siteji osaima. Amake Juma anali akukoleza mbaula. Ndinaika mtolowo patebulo.

"Muzikulungira izi. Ndi zolankhula za akuluakulu, palibe adzazifune." Kenaka ndinati, "Pepani, amayi." Liwulo linatuluka ngati munga wa nsomba, koma linatuluka.

Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tayi. Anakankha chitini chamafuta chopanda kanthu ndi phazi.

"Nkhalani apo. Imwe muyambile kutsogolo, ine niyambila kumbuyo. Tizakumana pa mpeni."

"Simungangondiuza za mpeniwo kaye?"

"Mwayambanso?"

Ndinakhala pachitinipo, mawondo ali m'khosi, anzanga a ku ofesi akudutsa n'kumandiyang'ana. Ndinakonza kukhosi.

"Panali munthu dzina lake Chimutu. Tsiku lina mbuzi yake inasowa."

"Mbuzi?" Supuni inaima m'mwamba, mafuta akudontha. "Anali kusakila mbuzi? Ohoo. Ndiye chifukwa uja mkazi wake anali kudya vovala pa chingwe. Ni mbuzi yamene iyo!"

Minibasi ya ku tauni inaliza hutala, kondakitala akundikodola. Ndinaisiya ipite.